Za 0.75, malima atatu ndi tiki ya agogo

Lachitatu lapitali madzulo magetsi atazima, ndili pa tebulo kuwerengera ndalama za mu shopu pa kanyali ka sola, mwana wanga wamkazi wa giredi 7 uja anabwera ndi kope lake maso atafiira. Ati adadi masamu awa andikana. Funso lake linali lalifupi chabe, kusandutsa 0.75 kuti ikhale fulakishoni ndi kuichepetsa mpaka pomwe singachepenso. Anali atalemba 1/75, wafufuta, walemba 7/5, wafufutanso, pepala latsala pang'ono kubooka. Mtima unandiwawa kwambiri chifukwa mwana yemweyu Loweruka lililonse amakhala nane mu shopu kuno ku Kapata mu Chipata, ku Zambia, ndipo chenji amabweza osaphonya, munthu akagula katundu wa K12.50 n'kupereka K20 iye wamupatsa kale K7.50 ine ndisanatsegule pakamwa, koma lero akulira ndi 0.75 ngati chinthu choti sanachionepo chibadwire.

Ndinakhuthula kachitini ka chenji pa tebulo, ndinasankha 50 ngwee imodzi, ma 10 ngwee awiri ndi ka 5 ngwee kamodzi. Ndati mama, izi ndi zingati? Ati 75 ngwee. Pa lisiti umazilemba bwanji? Ati K0.75. Nanga mu kwacha imodzi muli ngwee zingati? Ati 100. Ndiye ndati lemba zomwe wanenazo, 75 pamwamba, kamzere, 100 pansi. Anandiyang'ana kanthawi, ati basi? Ndati basi, ntchito wafika nayo pakati.

Chimene ndikufuna kuuza makolo anzanga ndi chomwechi, desimo, nambala ya kadontho ngati 0.75, ndiyo fulakishoni kale, sikuti pali matsenga oisandutsa ayi, kungoti nambala ya pansi sailemba, amaibisa mu kadontho kaja. Ana athu amawerenga kuti ziro pointi seveni faifi, ndipo mawu amenewa sauza mwana kanthu kalikonse, ali ngati nambala ya foni. Koma mukamuuza m'chinenero chake kuti magawo 75 pa magawo 100, fulakishoni wainena kale ndi pakamwa, chatsala n'kulemba. Malo oyamba pambuyo pa kadontho ndi a magawo khumi, achiwiri ndi a magawo 100, achitatu ndi a magawo 1000, kumangopita choncho. Ndiye 0.3 ndi 3/10, 0.37 ndi 37/100, 0.371 ndi 371/1000. Lamulo lija loti werenga manambala a pambuyo pa kadontho, ika maziro ochuluka chimodzimodzi pansi pambuyo pa 1, ndi loona ndithu ndipo limagwira pa desimo iliyonse yotha, yokhala ndi mapeto, koma ine ndimakana kuti mwana ayambire pa lamulo. Ife tinayambira pomwepo. Pa sukulu yomwe ndinaphunzira kumudzi tinkaliimba ngati nyimbo, kalasi yonse pamodzi, ndipo tsiku la mayeso nyimbo inandithawa m'mutu, ndinakhala ndikuyang'ana 0.05 osadziwa ngati maziro apite pamwamba kapena pansi, panalibe chogwirira chifukwa palibe amene anandiuzapo kuti imeneyo ndi 5 ngwee. Mpaka lero ndikakumbukira zimandipweteka, chifukwa ndinatuluka m'chipinda muja ndikukhulupirira kuti ndine mbuli ya masamu ndipo ndinakhala ndi maganizo amenewo zaka zambiri.

Tibwerere kwa mwana. 75/100 yalembedwa, manje kuchepetsa. Apa ndi pomwe ana ambiri amaganiza kuti tikuchotsako kanthu, ngati nambala ikuchepa mtengo, ndiye ndinamufunsa kuti ndikakupatsa ma 10 ngwee asanu, mnzako n'kumupatsa 50 ngwee imodzi, wadyeredwa ndani? Ati palibe. Kuchepetsa fulakishoni ndi chimodzimodzi, ndalama ndi yomweyo koma makoini achepa. Ukagawa pamwamba ndi nambala ina, pansinso ugawe ndi nambala yomweyo, basi. Anagawa ndi 5, inabwera 15/20. Anaima, kufuna kutseka kope. Ndati yang'ananso, 15 ndi 20 palibe chimene chikulowa monse? Anagawanso ndi 5, inabwera 3/4. Atangoona 3/4 anaseka, ati kansi ndi thiri kota! Botolo la saladi la 750 lija! Eya, 750 ml ndi 0.75 ya lita, thiri kota ya lita, chinthu chimene amachigwira m'manja sabata iliyonse.

Kusukulu amaphunzitsa kuti upeze HCF, nambala yaikulu kwambiri yolowa monse, apa ndi 25, ugawe kamodzi n'kumaliza. Ndi njira yabwino kwa amene waiona 25 msanga. Koma mwana amene sanaione asaime n'kumalira, atsike pang'onopang'ono ngati masitepe, afika pomwepo. Ndipo pali kanthu kena kamene ndinakazindikira ndili wamkulu kale ndipo ndimadabwa kuti bwanji sakanena mokweza m'makalasi: nambala ya pansi nthawi zonse imayamba ili 10, 100, 1000 kapena yotero, ndipo 10 ndi 2 kuchulukitsa ndi 5 chabe, mulibe china. Ndiye pochepetsa desimo yotha, manambala oyesa ndi awiri okha, 2 ndi 5. Osavutika ndi 3, osavutika ndi 7. Yapamwamba ikathera ndi 0 kapena 5 yesa 5, ikakhala yogawika pawiri yesa 2, ndipo onetsetsa kuti yapansinso ikulola. Zikakana zonse ziwiri wamaliza, tseka kope.

Tinayesa 0.48. 48/100, pawiri 24/50, pawirinso 12/25, apo 12 ikufuna 2 koma 25 ikukana, 25 ikufuna 5 koma 12 ikukana, yathera pomwepo. Tinayesa 0.35, ndi 5 kamodzi, 7/20. Kenako ndinamutchera dala 0.27. Analemba 27/100 n'kuyamba kugawa 27 ndi 3, wapeza 9, kupita pansi 100 yakana 3, anakhala chete. Ndati nanga? Ati siichepa. Ndati lemba choncho, 27/100 ndiye yankho. Ana amaopa yankho lotere, amaona ngati aphunzitsi sangafunse funso losafuna kuchepetsa, ndiye amakakamiza mpaka kuwononga chinthu chimene chinali bwino.

Msampha waukulu ndi ziro wa pambuyo pa kadontho. 0.5 ndi 0.05 m'maso mwa mwana wothamanga zimaoneka ngati mapasa. Apa sindinalankhule zambiri, ndinangoika 50 ngwee dzanja ili, ka 5 ngwee dzanja linalo, ndati sankha. 0.5 ndi 5/10, ndiye hafu, awiri akwanitsa kwacha. 0.05 ndi 5/100, ukagawa ndi 5 ndi 1/20, pafunika timakoini 20 kuti kwacha ikwane. Anawerenga ndi zala kuti atsimikize ndipo ndinamusiya awerenge. Chinanso chofanana nacho ndi kuganiza kuti 0.25 ndi yaikulu kuposa 0.3 poti 25 iposa 3, koma mukangoti 25 ngwee ndi 30 ngwee nkhani yatha yokha. Makoini amenewa anabwerera m'matumba mwathu pa 1 January 2013 pamene kwacha inachotsedwa maziro atatu, ndipo ngakhale masiku ano ka 5 ngwee sikagula kanthu pa msika, pophunzitsa mwana ndi chida chabwino kuposa choko, musamataye.

Mwina wina afunsa kuti nanga tikuvutikiranji, poti sikelo, foni, lisiti ya Airtel Money ndi ya MTN zonse zimalemba ndi kadontho, fulakishoni ndi ya chiyani? Yankho langa lili kumunda. Ine kwathu ndi cha ku Chadiza ndipo m'shopu ndimagulitsako mbewu ndi feteleza nthawi ya dzinja ikayandikira. Mlimi amabwera ndi kapepala komwe wina anamuyezera munda ndi foni, palembedwa 0.75 ha, kutanthauza hekitala, iye sakudziwa kuti agule zingati. Koma mlimi aliyense kuno kum'mawa amadziwa lima. Lima ndi mamita 50 uku 50 uku, masikweya mita 2,500, ndipo hekitala ndi 10,000, ndiye lima imodzi ndi 0.25 ya hekitala, 25/100, kota. Ukangosandutsa 0.75 kukhala 3/4 waona kale kuti ndi malima atatu, ndipo pa muyezo umene alangizi akhala akutiuza pa chimanga, thumba limodzi la 50 kg la D Compound ndi limodzi la Urea pa lima, munthu uja adziwa kuti akufuna matumba atatu okulitsa ndi atatu obereketsa, popanda kakyuleta. Desimo ndi yabwino polemba ndi powonkhetsa, koma pogawa chinthu ndi manja, pogawa munda, thumba, nsalu, mutu wa munthu umafuna kumva kuti magawo angati pa magawo angati. Amayi anga sanapite patali ndi sukulu koma mukawauza kuti lima ndi hafu sasokonezeka, mukawauza 0.375 ha adzakuyang'anani chabe, pamene ndi munda womwewo.

Tiyeni tiione 0.375 imeneyo chifukwa ndi imene ana amaiopa, ya manambala atatu. 375/1000. Ndi 5, 75/200. Ndi 5, 15/40. Ndi 5 kachitatu, 3/8. Hekitala mukaidula magawo 8, gawo lililonse ndi hafu ya lima, atatu ndiye lima ndi hafu, mwaona zagwirizana ndi za amayi. Abale ake ndi 0.125 imene ndi 1/8, 0.625 imene ndi 5/8 ndi 0.875 imene ndi 7/8. Amakanika ndi okonza mapaipi amawadziwa bwino manambala awa chifukwa masipanala ndi mabauti a mainchi amalembedwa 3/8, 1/2, 5/8, ndipo mu hadiweya simudzamva munthu akuti ndipatseni paipi ya ziro pointi seveni faifi, amati thiri kota. Ine ndinauza mwana kuti awa awasunge pamtima pamodzi ndi 0.5, 0.25, 0.75 ndi 0.2 imene ndi 1/5, osati m'malo mwa kumvetsa ayi, koma atamvetsa kale, kuti pa mayeso asataye nthawi. Za ekala nazo, ekala imodzi ndi pafupifupi 0.4 ya hekitala, 4/10, ndiye 2/5, n'chifukwa chake timati maekala awiri ndi hafu ndi pafupifupi hekitala.

Kukakhala nambala yathunthu kutsogolo kwa kadontho palibe chovuta, isiye pambali ngati kwacha zathunthu, ugwire ntchito ndi ngwee zokha. 2.4 ndi 2 ndi 4/10, ndiye 2 ndi 2/5. Akafuna fulakishoni imodzi yokha, 2 kuchulukitsa ndi 5 kuwonjeza 2, 12/5. Munda wa 1.25 ha ndi 1 ndi 1/4, kapena 5/4, malima asanu. Pa sikelo zimabwera mwanjira ina pang'ono: soya kapena nshawa zalemera 37.5 kg, thumba lodzaza ndi 50 kg, ndi gawo lanji la thumba? 37.5 pamwamba pa 50, kadontho kakusokoneza, chulukitsa zonse ndi 10, 375/500, tsika ndi 5 katatu, 75/100, 15/20, 3/4. Thiri kota ya thumba, ndiye mtengo wakenso ukhale thiri kota ya mtengo wa thumba. Nthawi yokolola kumidzi kumadzaza ogula oyenda ndi masikelo awo ndipo mlimi amene angathe kuchita kasamu aka m'mutu amaima molimba pokambirana mtengo.

Koma pomwe ndinaona kuti nkhaniyi ndi yofunika kuposa mayeso ndi pa nthawi. Ndinamufunsa kuti basi ikayenda maola 1.5, yayenda nthawi yaitali bwanji? Ati ola limodzi ndi mphindi 50. Ndipo si iye yekha, akuluakulu ambiri amatero. Kwacha ili ndi ngwee 100 koma ola lili ndi mphindi 60, ndiye .5 singakhale 50. Njira yotetezeka ndi kudutsira pa fulakishoni, 0.5 ndi hafu, hafu ya ola ndi mphindi 30. 0.25 ndi kota, mphindi 15. 0.75 ndi mphindi 45. 0.2 ndi 1/5, 60 kugawa ndi 5, mphindi 12. Fulakishoni imayenda paliponse, pa ola, pa thumba, pa dazeni ya mazira, pamene desimo ukaiwerenga mwachizolowezi cha ndalama ikugwetsa.

Pamene tinali pa zimenezi agogo ake, atate anga, anali pa mpando pakona akumvetsera. Anabwera mwezi watha kudzaonana ndi adokotala za maso ndipo akali nafe, iwo tawuni ino nthawi zina amaitchulabe Fort Jameson. Anakhosomola n'kunena kuti inu a masiku ano ndalama zanu n'zosavuta, ife tinakula ndi tiki. Mwana anafunsa kuti agogo tiki n'chiyani? Anamufotokozera kuti kale kunali mapaundi, masheleni ndi makobiri, paundi imodzi masheleni 20, sheleni imodzi makobiri 12, sikisipensi ndi hafu ya sheleni, tiki ndi makobiri atatu, kota ya sheleni. Ndalama zimenezo zinalibe kadontho, munthu aliyense wopita kusitolo ankachita mafulakishoni m'mutu tsiku ndi tsiku ngakhale sanaponde m'kalasi. Mu January 1968 m'pamene Zambia inasiya paundi n'kuyamba kwacha ndi ngwee, kwacha ziwiri kusinthana ndi paundi imodzi, ndiye kwacha inali masheleni 10, sheleni inasanduka 10 ngwee, sikisipensi 5 ngwee. Tiki inasowa mnzake chifukwa inagwera pa ngwee ziwiri ndi hafu.

Ndinaona mwayi, ndati mama, lemba tiki ya agogo mu kwacha. Anaganiza, analemba K0.025. Isandutse. 25/1000, ndi 5 yabwera 5/200, ndi 5 yabwera 1/40. Ndati afunse agogo kuti mu masheleni 10 munali matiki angati. Atate sanawerenge n'komwe, ati sheleni matiki anayi, masheleni khumi matiki 40. Mwana anayang'ana pa kope, anayang'ana agogo ake, pakamwa yasa. Mdala wa maso osaona bwino amene anasiyira sukulu pa masitandade apansi wapereka yankho lomwelo limene iye walipeza ndi pensulo. Ine pamenepo misozi inalengeza, ndinayang'ana kumbali kuti asaone.

Atate ananenanso chinthu china chimene chinatitengera ku gawo lovuta. Ati sheleni inali yabwino pogawana, anthu awiri makobiri 6, atatu makobiri 4, anayi tiki tiki, palibe chotsala, koma kwacha yanuyi anthu atatu simungagawane. Ndipo ndi zoona. 12 imagawika ndi 2, 3, 4 ndi 6, pamene 100 imakana 3. Gawani K10 anthu atatu, aliyense K3.33, ngwee imodzi yatsala pa tebulo, pa kakyuleta mudzaona 3.3333333 mpaka sikirini kudzaza. Awa ndi madesimo osatha, obwerezabwereza, ndipo chifukwa chake ndi chija ndanena kale, 10 ali ndi 2 ndi 5 chabe m'mimba mwake. Fulakishoni yochepetsedwa imene pansi pake pali 2 ndi 5 zokhazokha, monga 4, 8, 20, 25, 40, imapereka desimo yotha. Pansi pakangolowa 3, 7, 11 kapena ina yotero, desimo siitha.

Ndiye apa lamulo la maziro lija siligwira, chifukwa uwerenga manambala angati pomwe alibe mapeto? Mwana analemba 33/100 ndipo ndinamuuza kuti wayandikira koma sindiyo. Kusiyana kwake kumaoneka ndalama zikachuluka. Anthu atatu mwasonkherana, mwagulitsa katundu K900, gawo limodzi mwa atatu ndi K300, koma wina akachulukitsa 900 ndi 0.33 akupatsani K297, aliyense wataya K3, ndipo K9 yatsala m'thumba la wowerengera. 0.33 ndi 33/100, 0.333 yosatha ndi 1/3, ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Njira yake ndi yokoma kwambiri ndipo ndinamuonetsa ngakhale ndi ya makalasi a kutsogolo, chifukwa anafunsa yekha. Nambala yathu tiitche x, ndiye x ndi 0.3333 osatha. Chulukitsa ndi 10, 10x ndi 3.3333 osatha. Manje chotsa yoyamba mu yachiwiri. Mchira wosatha uja uli monse muwiri ndipo ndi wofanana ndendende, ndiye umadyana wokha, kutsala 9x kumanzere ndi 3 kumanja. x ndi 3/9, kuchepetsa 1/3. Manambala obwereza akakhala awiri, monga 0.454545, chulukitsa ndi 100 m'malo mwa 10, upeza 99x ndi 45, ndiye 45/99, gawa ndi 9, 5/11. Onani kuti apa 3 ndi 9 zayamba kugwira ntchito pochepetsa, poti pansi sipalinso 100 koma 99, ndiye nkhani ija ya 2 ndi 5 yokha ndi ya madesimo otha, musaisakanize. Mwachidule, obwereza mmodzi pansi 9, awiri pansi 99, atatu 999.

Imene inatitengera nthawi ndi 0.16666, pomwe 1 sabwereza koma 6 yekha. Anayamba ndi 16/99, ndati yesa pa foni uone, inabwera 0.161616, ati ayi sindiyo. Pamafunika kukankha kadontho kawiri, 10x ndi 1.6666, 100x ndi 16.6666, michira yafanana, kuchotsa kutsala 90x ndi 15, ndiye 15/90, ndi 5 yabwera 3/18, ndi 3 yabwera 1/6. Atate ali pakona paja ati makobiri awiri pa sheleni. Sanalakwe, 2 pa 12 ndi 1/6.

Kuyesa pa foni kumene ndatchulako ndi chizolowezi chimene ndikufuna mwana aliyense akhale nacho, osati foni kwenikweni koma kubwerera m'mbuyo. Wapeza 3/8, gawa 3 ndi 8 pa pepala uone ngati 0.375 ibwera. Ikabwera palibe amene angakutsutse. Makakyuleta a sayansi a Casio amene ana a sekondale amanyamula ali ndi batani losintha desimo kukhala fulakishoni, pa ambiri palembedwa S ndi D, ndipo sindidana nalo, inenso mu shopu kakyuleta ndimagwiritsa ntchito tsiku lonse. Koma pa mayeso a giredi 7 kakyuleta salowa nayo, mayankho amakhala osankha, ndipo mayankho olakwika amene amaikapo amakhala omwe aja mwana wothamanga angapeze, 1/75, 7/5, kapena 15/20 yosamaliza kuchepetsa. Mwana wodalira batani akaona 15/20 adzaithamangira poti ikuoneka ngati yoona, ndipo mtengo wake ndi woonadi, kungoti funso lati mpaka pomaliza.

Ndinamuuzanso kuti asadzione wopusa chifukwa chovutika ndi kadontho, poti anthu anakhala zaka zambirimbiri akuwerenga ndi mafulakishoni okha. Ku Egypt ankalemba mafulakishoni zaka zoposa 3,000 zapitazo, pamene madesimo ku Ulaya anafala mochedwa, Simon Stevin wa ku Bruges atalemba kabuku kowafotokoza mu 1585, ndipo ngakhale iye sankalemba ndi kadontho ngati ife, ankaika timanambala m'timizere tozungulira kusonyeza malo. Mpaka lero maiko ena amalemba chizindikiro cha koma (,) pomwe ife timaika kadontho, ku Mozambique kuseri kwa Chanida kuno mtengo amalemba 0,75. Chinthu chimene anthu akuluakulu anachedwa nacho chotere, mwana wa zaka 12 akapunthwa nacho tsiku limodzi si nkhani yomukalipira.

Aphunzitsi sindikuwaimba mlandu, kalasi ya mwana wangayu ndi yodzaza kwambiri ndipo munthu mmodzi sangakhale pansi ndi aliyense kumuwerengera makoini. Koma ife makolo tingathe, ngakhale amene timati masamu tinalephera, chifukwa hafu, kota ndi thiri kota timazidziwa tonse, lima timaidziwa, chenji timaidziwa. Chondidandaulitsa ndi chakuti tikangoona kope la masamu timati pita kwa akulu ako, ine izi sindizidziwa, pamene mwana akufuna munthu womuuza chabe kuti 0.75 ija ndi 75 ngwee, ndipo amuuze m'Chichewa. Usiku uja mawu a Chizungu amene tinagwiritsa ntchito ndi mayina a manambala okha.

Tinagona mochedwa, nsima inachita kuzizira amake akutiitana kachitatu. Loweruka tili mu shopu kunabwera bambo wina wa njinga wochokera cha ku Mtenguleni ndi kapepala m'thumba la shati, ati mwana wanga anandiyezera munda ndi foni, akuti 1.75, ndiye ndigule feteleza wochuluka bwanji? Ine ndinali pamwamba pa situlu kutsitsa katoni, ndisanatsike ndinamva mwana akuti 1 ndi thiri kota, hekitala ndi malima anayi, kuwonjeza atatu, ndi malima 7 atate. Bambo aja anawerenga ndi zala, ati eya, kuyambira pa chulu mpaka kumtsinje ndi seveni ndithu. Ndalama zawo zinakwana matumba awiri chabe tsiku limenelo, tinawathandiza kumanga pa kaliya ndi malegeni, ati ena adzatenga akagulitsa nshawa.